Kamphete ka Kunsonga kwa Ndodo: Lekani Kukasinthasintha, Kamangeni Kolimba

Kunsonga kwa ndodo yosewerera snooker ndi pool kuli kamphete kakang'ono kokhala pansi pa tipu, kachikopa kaja timapaka choko. Ogulitsa zamasewera amakatcha ferrule. Kawirikawiri sikatalika kupitirira sentimita imodzi, ndipo kakakhala ka brass kamalemera magalamu awiri kapena atatu basi, pomwe ndodo yonse ili pafupifupi theka la kilogalamu. Kwa zaka zambiri osewera m'mabala a ku Maramba, Dambwa ndi Libuyu sankakayang'ana n'komwe. Lero mnyamata aliyense amene ali ndi ndodo yakeyake ndi foni ya intaneti akufuna kamphete ka titanium, ndipo akafika kwa ine kuno kwa Mukuni amalankhula ngati mipira yonse imene anaphonya chaka chatha inaphonyedwa ndi brass. Ine ndikuti chitsulocho chimasinthadi mayendedwe a mpira woyera. Koma wosewera wa kuno amene akuthira makwacha ake pa titanium akukonza pomwe sipanawonongeke, n'kusiya powonongeka penipeni.

Kwathu ndi ku Katete. Ndinabwera ku Livingstone kudzagwira ntchito pa makina osemera zitsulo, aja a lathe, ndipo banja ndi limene linandikhazika pakati pa Aleya. Zokonza ndodo zinangobwera zokha: eni mabala ndi maloji akaona tipu yachoka ankafunsa kuti ali ndi tupa ndi guluu ndani, anthu n'kuloza ine. Pa tebulo sindine katswiri ayi, anyamata amandidya matokeni osatuluka ndi thukuta lomwe. Koma nsonga za ndodo ndazigwira zambiri, ndipo zimene zimaziwononga ndimazidziwa.

Wosema ziboliboli aliyense kuno amadziwa chifukwa chake mpini wa tchizulo amauveka mphete yachitsulo. Popanda iyo, nyundo ikamamenya, mtengo umang'aluka motsata mitsempha yake. Pa ndodo ndi chimodzimodzi. Nsonga ya ndodo ya snooker ndi yopyapyala, mamilimita 9 mpaka 10, ndipo ya pool wathu wa mipira yofiira ndi yachikasu nthawi zambiri imachepako pamenepo. Mtengo wochepa chotero ukamawomba mpira wolimba tsiku ndi tsiku umayamba kuphwasuka, ndiye kamphete kamaugwira pamodzi, kamaperekanso malo athyathyathya omatapo tipu. Imeneyo ndiyo ntchito yake yoyamba, ndipo brass, titanium, chitsulo chosachita dzimbiri, zonsezo zimaigwira bwino. Tipu yachikopa, imene amati anayambitsa ndi Mfalansa François Mingaud kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndi imene inapangitsa kuti munthu athe kumenya mpira woyera m'mbali kapena chapansi ndodo osaterereka. Mkangano wonse wa zitsulowu unabadwira pamenepo, pakuti aliyense akanamamenya pakati penipeni pa mpira, bwenzi palibe chokangana.

Mukamenya mpira woyera pakati, umapita kumene ndodo yaloza, kaya kamphete ndi ka brass, ka pulasitiki kapena ka golide. Mukaumenya chakumanja, zija osewera amati kuika saidi, mpira umayamba kuzungulira tipu idakali pa iwo, ndipo pozungulirapo umakankhira nsonga ya ndodo kumanja. Nsonga nayo imabweza, imakankhira mpira kumanzere. Kukhudzanaku n'kwakanthawi kochepetsetsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, kotero kuti ndi kutsogolo kokha kwa ndodo, chikhatho chimodzi kapena ziwiri kuchokera pa tipu, kumene kumamva nawo. Kulemera kwa kumene mwagwira sikulowererapo. Nsonga ikakhala yolemera imakana kusuntha, ndiye wopatuka kwambiri amakhala mpira. Ikakhala yopepuka imadzipatukira yokha, mpira n'kuyenda pafupi ndi mzere umene munaloza. Izi anthu anaziyeza. David Alciatore, amene anaphunzitsa uinjiniya pa Colorado State University ku America, wazionetsa ndi makamera ojambula mofulumira kwambiri, ndipo makampani opanga ndodo za pool wa ku America, monga Predator, akhala akuboola mkati mwa nsonga kuyambira m'zaka za m'ma 1990 kungofuna kuti ipepuke.

Tsono yerekezani zitsulozo. Kachidutswa ka brass ka sentimita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu kamalemera pafupifupi magalamu 8.5. Ka chitsulo chosachita dzimbiri ndi pafupifupi 8, ka titanium 4.5, ka aluminiyamu 2.7, ka pulasitiki kosafika 2. Ndiye kuti kamphete ka titanium kolingana kukula ndi ka brass kamapepuka ndi galamu imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Galamu imodzi m'dzanja simungaimve, koma yakhala pamalo okhawo pamene kulemera kumawerengedwa. Tebulo la snooker ndi lalitali kupitirira mamita 3.5. Mpira ukapatuka ndi digiri imodzi yokha, pofika mamita atatu wasiya mzere ndi masentimita 5, komwe ndi pafupifupi kukula kwa mpira wathunthu, pakuti mpira wa snooker ndi wa mamilimita 52.5. Kusiyana kwa brass ndi titanium kungachepe pa digiri imodzi, komabe pa mpira wautali wolowa m'dzenje lopapatiza, theka la sentimita ndi lokwanira kuti ugwedezeke pakamwa n'kubwerera.

Ndikafotokoza izi anyamata aja amawomba m'manja: “Mwaona, madala, mwavomera nokha!” Ndavomera kuti mpira umapatuka pang'ono. Sindinavomere kuti ulowa. Munthu amene wasewera ndi ndodo imodzi kwa zaka, maso ake ndi dzanja lake zinaphunzira kale kuti akaika saidi wakumanja ayenera kuloza patali bwanji. Sachita kuwerengera, thupi limadziwa lokha. Mukamusinthira kamphete, mpira umayamba kupita kumene ndodo yaloza, pomwe iye analoza moyembekezera kuti upatuka, ndiye amaphonya kumbali inayo. Ayenera kuphunzira mwatsopano, ndipo kuphunzirako si kwa usiku umodzi.

Amene anaonera mpikisano wa dziko lonse wa 2025 ku Crucible Theatre mumzinda wa Sheffield anaziona ndi maso. Ronnie O'Sullivan, amene watenga chikho chimenecho kasanu ndi kawiri, anali atathyola yekha ndodo yake mu Januwale chaka chomwecho pa mpikisano wa Championship League, ndipo anakhala miyezi ingapo osasewera. Ku Sheffield anafika ndi ndodo ina ya kamphete ka titanium. Mu semifainolo anakumana ndi Zhao Xintong wa ku China, chigawo choyamba n'kutha 4-4. Chigawo chachiwiri chisanayambe anachotsetsa titanium n'kuikitsa brass, ndi tipu yatsopano. Magemu 8 onse a chigawo chimenecho anagonja, ndipo masewerawo anathera 17-7. Zhao anapitirira kukagonjetsa Mark Williams 18-12, kukhala munthu woyamba wa ku China kutenga chikhocho. Sindingamusenzetse kamphete mlandu wonse, chifukwa Zhao anali pamoto sabata imeneyo ndipo O'Sullivan anali akudandaula kale ndi kasewero kake. Koma taganizani: munthu amene mu 1997 anachita mapointi 147 mosaphonya m'mphindi zisanu ndi masekondi owerengeka, pa tebulo lowongoka ndi nsalu yatsopano, sanapeze mtendere posintha nsonga pakati pa masewera. Nanga mnyamata wa ku Dambwa amene akufuna ndimuikire titanium Lachisanu madzulo kuti akapikisane Loweruka?

Chodabwitsa n'chakuti anyamatawa nkhaniyi anaimva mozondoka. Iwo amati O'Sullivan anagonja chifukwa anabwerera ku brass, choncho brass ndi yachikale. Amaiwala kuti Stephen Hendry wa ku Scotland anatenga chikho chomwecho kasanu ndi kawiri pakati pa 1990 ndi 1999 ndi ndodo yotchipa ya £40 imene anali nayo kuyambira ali mnyamata. Itathyoka mu 2003 pa ulendo wa pandege wochokera ku Thailand, panalibe wopanga ndodo amene akanakana kumupangira yokongola kuposa ija, koma zaka zimene dzanja lake linathera pa ndodo yakaleyo palibe akanamubwezera. Perrie Mans wa ku South Africa anafika mu fainolo ya dziko lonse mu 1978 ndipo anatenga Masters mu 1979 pasanamveke n'komwe za kamphete ka titanium.

Palinso china. Ambiri a ife mu Livingstone sitisewera snooker. Timasewera pool wa matokeni, pa tebulo lomwe kutalika kwake ndi pafupifupi theka la tebulo la snooker. Apa ndiyenera kuwapatsa anyamatawo mfundo imodzi imene iwo eni saidziwa. Pa matebulo a matokeni mpira woyera umakhala wocheperako kuposa inzake, mamilimita pafupifupi 48 pomwe inayo ndi 51, kuti ukagwa m'dzenje utulukire njira yakeyake. Mpira wopepuka umakankhidwa mosavuta ndi nsonga yolemera, choncho pa tebulo lathu kulemera kwa kamphete kumamveka ndithu. Koma mtunda ndi waufupi, ndipo mpira sukhala ndi malo opatukira kwambiri. Komanso tinene zoona za matebulo athuwa. Mwendo umodzi wakhala pa katoni yopinda. Nsalu ili ndi chigamba pafupi ndi pamene timayambira. Makhushoni ena anauma, ena anafewa. Mpira woyera uli ndi zipsera za kugwa pa simenti. Pa tebulo lotero mpira ukaphonya, galamu imodzi ija ndi yomaliza pa mndandanda wa oganiziridwa.

Chimene chimapha masewera m'mabala athu ndi nsonga yogwedera. Ndodo zambiri zopachikidwa pakhoma zili ndi kachipewa ka pulasitiki kongovekera, kobwera kale ndi tipu yake, kapena tipu ya sikulu imene imamasuka pakangopita magemu ochepa. Eni mabala amazikonda chifukwa aliyense angathe kuziika, ngakhale wogulitsa mowa. Koma kachipewako sikagwira mtengo mokwanira, mkati mumatsala mpata, ndipo mukamenya mwamphamvu nsonga imavina. Lero mpira upatukira uku, mawa uko. Palibe diso limene lingaphunzire chinthu chosinthasintha chotero. Pulasitiki payokha si yoipa, ndodo zabwino za pool wa ku America zambiri zili ndi mphete za pulasitiki yolimba zosemedwa molingana ndi mtengo. Choipa ndi chongovekerachi, chimene chimang'aluka, n'kusiya mtengo ukuphwasuka mkati mpaka munthu adule sentimita yathunthu kuti apeze pabwino.

Ngakhale ndodo yabwino, nyengo ya kuno siisiya. Mu Okutobala, dzuwa likamawotcha mpaka phula la mumsewu wa Mosi-oa-Tunya kufewa, mtengo umauma n'kuchepa, pomwe chitsulo chimakhala momwemo. Mvula ikagwa mtengo umafufumanso. Zikachitika kangapo guluu amasiya, ndipo mumayamba kumva kaphokoso kachilendo pomenya, ngati kuti “tiki” m'malo mwa “tok”. Ambiri amaganiza kuti ndi tipu, amaisintha, kaphokoso kali pomwepo. Gwirani kamphete ndi zala ziwiri, yesani kukapotoza. Kakasuntha ngakhale pang'ono, vuto mwalipeza, ndipo kaya ndi ka titanium kagwedera chimodzimodzi. Ndodo yosiyidwa m'galimoto masana kapena yotsamiritsidwa pakhoma la malata imafika msanga pamenepa.

Ndiye pali matenda a sandipepa. Brass imada, imachita bii ndi choko ndi thukuta, ndipo mwini ndodo wokonda zonyezimira amaikwecha. Sandipepa sasankha, amadya mtengo wofewa wa pansi pa kamphete msanga kuposa chitsulo, mpaka pamakhala kakhosi. Kakhosi kameneko kamakola pa chala poseweretsa, ndipo ndi pomwe ndodo imadzathyokera. Apa titanium ili ndi ubwino weniweni: siida, siikandika msanga ndi lezala podula tipu, siitha msanga. Koma ubwino womwewo umagulidwa ndi kansalu konyowa pang'ono ndi kapepala komata kotchinga mtengo pokwecha. Ndipo kulimba kwa titanium ndi vuto kwa wokonza. Brass ndimaisema ndi tupa wamba mpaka ilingane ndi mtengo. Titanium imabunthitsa tupa, ndipo ikabwera yokula ndi theka la milimita, wokonza waulesi amasema mtengo kuti ulingane ndi chitsulo m'malo mosema chitsulo. Ndodo yotero yawonongeka mpaka kalekale.

Za kamvekedwe sinditsutsana ndi munthu. Ena amati brass imalira mokhuthala ndipo amamva mpira bwino, ena amakonda kulira kowuma kwa titanium. Zimenezo ndi za m'khutu la mwini wake.

Chimandiseketsa pang'ono n'chakuti brass imene anyamata akuinyozayi ndi mkuwa wosakaniza ndi zinc, ndipo mkuwa ndiwo wochuluka mmenemo. Zambia ndi yachiwiri mu Africa pokumba mkuwa, kutsatira dziko la Congo. Mkuwa umachoka ku Kitwe ndi ku Solwezi pa mathiraki, kuwoloka nyanja, ena n'kuusandutsa timphete tolemera magalamu atatu, ife n'kumadikira wachibale wochokera ku Lusaka kapena ku Johannesburg kuti atibweretsere. Chikhalirecho kamphete ka brass ndi chimodzi mwa zinthu zosavuta kwambiri kusema pa lathe. Wophunzira ntchito wa chaka choyamba angatulutse khumi m'mawa umodzi kuchokera ku kandodo ka brass kotalika ngati pensulo.

Apa ndi pomwe ndikufuna anzanga osema a kwa Mukuni andimve. Manja amene amatulutsa njovu, mvuu ndi nyamalikiti kuchokera ku chipika cha mlombwa sangalephere kusema kansonga ka ndodo. M'chaka cha 2020, matenda a Covid-19 atatseka malire, tonse tinaona zimene zimachitika pa msika wa ziboliboli wa Mukuni Park ndi wa kumathithi a Mosi-oa-Tunya alendo akasiya kubwera. Wosewera pool sadikira ndege. Ali pomwe pano, mu Januwale ndi mu Juni momwe, ndipo bala lililonse lili ndi ndodo zofunika dzanja la mmisiri. Ntchitoyo mbali yaikulu siifuna magetsi. Mumadula pophwasukapo, mumasema kachitsa kozungulira bwino pakati penipeni pa ndodo, kolimba moti kamphete kalowe mokakamiza pang'ono, mumapaka guluu wa mitundu iwiri wosakaniza uja, mumasiya usiku, m'mawa n'kusalaza pamwamba kuti tipu ikhale mosapendekeka. Chovuta chake ndi kuleza mtima pa kachitsako. Kakapendekera mbali imodzi, ndodo idzaloza kwina, mpira n'kupita kwina, mpaka kale.

Koma ndichenjeze pa zinthu ziwiri. Ndaonapo ena akuyesa kusema ndodo yathunthu ndi mukusi, mtengo uja unkatengedwa pa njanji ya ku Mulobezi m'masiku a Zambezi Sawmills. Ndi wokongola, ndi wolimba, koma ndi wolemera kuposa ash ndi maple, mitengo imene opanga ndodo amagwiritsa ntchito kutsogolo. Nsonga ya mukusi idzapatutsa mpira kuposa ya mitengo imeneyo. Mitengo yathu yolemera, mukusi ndi phingo, malo ake ndi kumbuyo, kogwira, kumene ndodo zodula za ku England zimakhalanso ndi mtengo wakuda wolemera. Chachiwiri ndi minyanga. Kale mipira ya masewerawa inali ya minyanga ya njovu, ndipo ndodo zina zakale za ku America zinali ndi timphete ta minyanga. Mlendo wina angakunong'onezeni kuti akufuna kotero. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989 pansi pa pangano la CITES, ndipo malamulo a Zambia oteteza nyama zakutchire amamanga munthu wopezeka nayo popanda chilolezo. Njovu zimene zimatitsekera msewu madzulo pakati pa tauni ndi mathithi ndi zomwe zimabweretsa ogula ziboliboli zanu. Ndipo kunena za ntchito chabe, mnyanga umang'aluka ndi kutentha, pulasitiki yolimba imauposa.

Woyenera titanium alipo. Ndi amene amasewera pa tebulo lalikulu la snooker, lowongoka, amaika saidi kawirikawiri pa mipira yaitali, akugula ndodo yatsopano imene dzanja lake silinazolowere, ndipo ali ndi miyezi yoyeserera mpikisano usanafike. Ameneyo aike, ndipo akaika asabwererenso. Kwa ena tonsefe, kamphete ka brass kopyapyala, kafupi, komangidwa kolimba, n'kokwanira. Wofuna kupeputsa nsonga angafupikitse kamphete komweko ndi mamilimita awiri kapena atatu, n'kupeza gawo labwino la zimene titanium ikanamupatsa.

Inu eni mabala, chotsani zipewa za pulasitiki zija pa ndodo zanu, muitane mmisiri aike brass ndi tipu yomata, ndipo katoni ija ichoke pansi pa mwendo wa tebulo. Mtengo wake sufika pa matokeni amene tebulo limodzi limakupatsani pa sabata yabwino. Ndipo iwe mnyamata wa ndodo yakoyako, usanabwere kwa ine ndi chithunzi cha titanium pa foni, yamba wapotoza kamphete kako ndi zala ziwiri. Ngati sikakusuntha, kasiye, ndalamazo ukagule tipu yabwino ndi choko, zotsalazo uziike pa tebulo uyeserere.